Chifukwa chiyani maluwa amakwera ndege pomwe fodya amakwera lole?

Anzanga nonse, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, musaope kutalika kwa nkhaniyi. Ndaigawa m'magawo kuti wina akhoza kuwerenga gawo limodzi pa buleki, lina mawa. Koma chonde mapepalawa musang'ambe kukakulungira zitumbuwa ngati mmene munachitira ndi nkhani ya mwezi watha ija.

Sabata yatha m'phunziro la Jogalafe tinali pa mutu wa zamtengatenga ndi malonda. Aphunzitsi anatifunsa kuti popeza dziko lathu lilibe doko, bwanji fodya wathu osangomukweza ndege m'malo momuyendetsa pa lole mpaka ku Beira? Kalasi yonse zii. Ine ndinaimika mkono n'kunena kuti ndege imanyamula anthu, osati katundu. Anthu anaseka, ena mpaka kugogoda madesiki, chonsecho osekawo nawonso yankho analibe. Aphunzitsi anati ndalakwa, ndege zimanyamula katundu wambirimbiri, ndipo anandipatsa sabata imodzi kuti ndikafufuze yankho lenileni. Paja safunsa anadya phula. Ndinafunsa, ndinawerenga, ndipo yankho ndalipeza ku Ethiopia. A Fomu 2 anzanga, tcherani khutu, mutu umenewu ukhoza kubwera pa JCE.

1. Dziko lopanda doko ngati lathu

Tsegulani atilasi pa mapu a Africa, muyang'ane kumpoto chakum'mawa, pamene pakuoneka ngati nyanga ya chipembere. Pamenepo ndi pamene pali Ethiopia, ndipo likulu lake ndi Addis Ababa. Kale dzikoli linali ndi gombe pa nyanja ya Red Sea. Mu 1993 chigawo cha Eritrea chinaima pachokha, gombelo n'kupita nacho. Kuyambira nthawi imeneyo Ethiopia ili ngati ife: katundu wake ayenera kudutsa m'dziko la eni kuti akapeze sitima ya pamadzi. Ife timadalira Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Iwo amadalira kwambiri Djibouti.

Mbewu imene imawabweretsera ndalama zakunja zambiri ndi khofi, monga mmene alili fodya kwa ife. Khofi wawo wambiri sakwera ndege ayi. Amapita ku Djibouti pa mathiraki kapena pa sitima ya pamtunda, n'kukakwera sitima ya pamadzi. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kumapeto.

Koma anthu a ku Ethiopia ali ndi khomo lina lotulutsira katundu lomwe silidutsa m'dziko la munthu. Khomolo ndi bwalo la ndege la Bole mu Addis Ababa.

2. Kampani yake

Ethiopian Airlines ndi kampani ya boma la Ethiopia. Inakhazikitsidwa mu Disembala 1945, ndipo ulendo wake woyamba wopita kunja unali wa pa 8 Epulo 1946, kupita ku Cairo kudzera ku Asmara. Kuno nthawi imeneyo kunali Nyasaland, kutatsala zaka 18 kuti tilandire ufulu. Anayamba ndi ndege zisanu zokha za mtundu wa Douglas C-47, zotsala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo poyambapo ankathandizidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa TWA. Dzikolo ndi la mapiri ataliatali ndipo misewu inali yochepa, ndiye ndegezo zinkanyamula anthu ndi katundu womwe.

Lero kampaniyi ndi yaikulu kuposa kampani zonse za ndege mu Africa. Ili ndi nthambi yoona za katundu yekha, dzina lake Ethiopian Cargo and Logistics Services. Mu 2017 nthambiyi inatsegula nyumba yachiwiri yosungiramo katundu pa Bole. Nyumba ziwirizo pamodzi zikhoza kulandira katundu wolemera matani pafupifupi 1 miliyoni pachaka. Nambala imeneyi ine siinkandiuza kanthu mpaka nditaisandutsa matumba. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Ndiye matani 1 miliyoni ndi matumba 20 miliyoni. Tangoganizani mulu wake!

3. Njira ziwiri zonyamulira katundu pa ndege

Njira yoyamba ndi ya pansi pa mipando. Ndege ija timaiona ikudutsa m'mwambamu ikusiya mzere woyera ili ndi zipinda ziwiri, cham'mwamba ndi chapansi. Anthu amakhala m'mwamba. Pansi, m'mimba mwa ndege, mumalowa zikwama za anthuwo, ndipo malo otsala kampani imawagulitsa kwa amalonda. Munthu akhoza kumadya mpunga pa mpando wake osadziwa kuti pansi pa mapazi ake pali makatoni a mankhwala kapena anapiye a tsiku limodzi.

Njira yachiwiri ndi ya ndege za katundu yekhayekha. Zimenezi zilibe mipando ya apaulendo, ndipo zambiri zilibe ndi mawindo omwe m'mbalimu. Zili ndi chitseko chachikulu cham'mbali, ndipo pansi pake pali timagudumu ndi zogwirira kuti katundu azikankhika mosavuta n'kumangika osagwedezeka. Zikuluzikulu za Ethiopian ndi za mtundu wa Boeing 777F, zomwe anayamba kulandira mu 2012. Zimapita ku mizinda ngati Liège ku Belgium, Guangzhou ndi Shanghai ku China, Hong Kong, Lagos ndi Johannesburg.

Tsono apa ndi pamene ndinadabwa. Boeing 777F imanyamula matani pafupifupi 100. Amenewo ndi matumba 2,000 basi. Thiraki ya matani 30 yomwe timaiona pa msewu wa M1 imanyamula matumba 600. Ndiye kuti chindege chonsecho chimanyamula katundu wa mathiraki atatu ndi pang'ono. Ine ndinkayesa kuti chikhoza kunyamula chimanga cha boma lonse la Dedza. Ayi ndithu. Pomwe sitima za pamadzi zikuluzikulu zimanyamula makontena opitirira 20,000 ulendo umodzi.

Choncho ndege ndi yaing'ono komanso yodula. Bungwe la IATA, lomwe limasonkhanitsa kampani za ndege, limati katundu wa pa ndege safika ndi gawo limodzi lomwe pa magawo 100 a kulemera kwa katundu yense amene mayiko amagulitsana. Koma tikawerengera mtengo wake, amakwana pafupifupi gawo limodzi pa magawo atatu. Mwaiona nkhani yake? Katundu wa pa ndege ndi wochepa koma wodula. Amakwera ndege ndi katundu wopepuka, wa mtengo wapatali, wosachedwa kuonongeka, kapena wofunika lero lomwe. Amene akulipira ndege sakugula malo, akugula nthawi.

4. Ulendo wa duwa

Chitsanzo chabwino ndi maluwa a rozi. Mu Africa, Kenya ndi imene imatsogola pogulitsa maluwa kunja, Ethiopia ndi yachiwiri. Minda yake ili m'madera monga Holeta, Sebeta, Bishoftu ndi Ziway. Maluwawo amalimidwa m'nyumba zikuluzikulu za pulasitiki, ndipo ambiri mwa antchito ake ndi azimayi.

Duwa likangodulidwa limayamba kufa. Ndiye mpikisano umayambira pomwepo. Akadula amaliika m'chidebe cha madzi n'kulithamangitsira m'chipinda chozizira ngati m'firiji, chifukwa kuzizira kumachedwetsa kufota. Kenako amasankha maluwawo malinga ndi kutalika kwa phesi lake, kuwamanga m'mitolo, n'kuwalonga m'makatoni. Makatoniwo amakwera thiraki ya firiji mpaka pa Bole. Pa Bole salowa m'nyumba wamba, amalowanso m'chipinda chozizira. Kumeneko amawayeza, kuwaunika ndi makina, n'kuwasanja pa chitsulo chafulati chomwe amachitcha pallet, n'kuwakulunga ndi ukonde.

Ndege ikanyamuka ku Addis Ababa imatenga maola 7 kapena 8 kuti ifike ku Liège. Mzinda umenewu Ethiopian inausankha kukhala potsitsira katundu wake wambiri wa ku Ulaya. Kuchoka apo mathiraki ena a firiji amatenga maluwawo kupita nawo ku Netherlands, dziko loyandikana nalo, komwe kuli msika waukulu wa maluwa ku Aalsmeer. Msikawo ndi wa okushoni ngati wa fodya ku Kanengo, koma wawo umayenda chobwerera: mtengo umayambira pamwamba n'kumatsika, ndipo woyamba kudina batani ndi amene wagula. Ukafulumira ugula modula, ukachedwa mnzako akulanda. Pakangopita masiku ochepa chidulireni, duwa lija limakhala lili m'sitolo. Pa sitima ya pamadzi ulendo womwewo umatenga masabata. Kukamayandikira pa 14 Febuluwale, tsiku la Valentine, maluwa amafunika ambiri moti ndege zimachita kuwonjezera maulendo.

Taonani bwino, pa ulendo wonsewu ndege ndi gawo limodzi chabe. Mumadziwa mmene timapatsirana njerwa pa mzere tsiku la chitukuko? Munthu mmodzi akangochoka pa mzere, njerwa sizifika kwa womanga ngakhale ena onse atalimbikira chotani. Ndi mmenenso zilili apa. Chidebe, chipinda chozizira, thiraki, nyumba ya pa bwalo, ndege, thiraki inanso. Pakangopezeka malo amodzi pomwe makatoni akhala padzuwa maola angapo, maluwa aonongeka, ndipo liwiro la ndege lapita pachabe. M'Chingerezi mzere wozizira umenewu amautcha cold chain. Mawuwa muwaloweze.

5. Matimati a amayi anga

Mwina mukuti za maluwa a ku Ulaya zikutikhudza bwanji ife a kumudzi. Ndikuuzeni zomwe zinachitika kwathu.

Chaka chatha nthawi ya dzinja amayi analima matimati, podziwa kuti nyengo ya mvula amakhala ndi mtengo. Anabereka bwino. Tinathyola Lachitatu madengu khumi, ine ndi mlongo wanga mpaka kujomba kusukulu, chifukwa wogula wina analonjeza kuti abwera ndi lole Lachinayi m'mawa. Usiku umenewo kunagwa chimvula. Lole inatitimira m'matope isanafike n'komwe pa mlatho. Lachinayi tinadikira, Lachisanu tinadikira. Matimati ali pansi pa mtengo wa mango, tawafunditsa masamba a nthochi. Loweruka tinayamba kututa pa njinga dengu limodzilimodzi kupita nawo kumsewu. Pofika kumeneko apansi anali ataphwanyika, madzi ali chuchuchu. Mavenda anangoona nkhope zathu n'kudziwa kuti tilibe kolowera, ndiye mtengo anatchula okha. Madengu anayi tinapatsa nkhumba. Ndalama yomwe amayi anati adzandigulira nsapato inathera pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo teremu yonse ndinayenda ndi nsapato yobooka. Ena a inu munkandiseka, ndikukukumbukirani.

Matimati athu sanali oipa. Chinatipha ndi nthawi. Mlimi wa maluwa ku Ziway ndi amayi anga ali pa nkhondo imodzi, kusiyana kwake n'kwakuti iye ali ndi mzere wathunthu kuchokera kumunda mpaka kwa wogula, pomwe mzere wathu unaduka pa mlatho. Bwenzi ngakhale Boeing 777F itaima pa Lilongwe kudikira matimati athu, isanatithandize kanthu.

6. Masamu a mtengo

Tsopano tibwerere ku bwalo la ndege. Munthu akabweretsa katundu, amalipira bwanji? Ine ndinkaganiza kuti amangoika pa sikelo basi. Koma taganizani thumba la thonje ndi thumba la mchere. Thonje ndi lopepuka koma limadya malo. Ndege itadzaza thonje lokhalokha, ikhoza kudzaza isanalemere, kampani n'kuluza. Ndiye amayeza kawiri: kulemera kwa pa sikelo, ndi kulemera kwa malo omwe katunduyo watenga. Kwachiwiriku amakupeza chonchi: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi msinkhu, zonse m'masentimita, kenako kugawa ndi 6,000. Nambala imene yakula pa ziwirizo ndi imene umalipira.

Chitsanzo. Katoni ndi ya masentimita 60 mulitali, 50 mulifupi, 40 msinkhu.
60 x 50 x 40 = 120,000
120,000 ÷ 6,000 = 20
Ngati m'katonimo muli thonje lolemera makilogalamu 8, ulipira za makilogalamu 20. Ngati muli mabuku olemera makilogalamu 35, ulipira za makilogalamu 35. N'chifukwa chake olongedza maluwa amaphunzira kulonga mothinana bwino, kuti asalipirire mpweya. Amene mumati masamu a voliyumu alibe ntchito, mwaona?

Katundu aliyense amakhalanso ndi kalata yake ya ulendo yotchedwa air waybill. Imanena mwini katundu, wolandira, zomwe zili m'kati ndi kulemera kwake. Nambala yake imakhala ya manambala 11, ndipo atatu oyambirira amasonyeza kampani. A Ethiopian ndi 071. Ndi nambala imeneyo munthu akhoza kuona pa intaneti pomwe katundu wake wafika.

7. Kupakira si kungoponya

Tonse tinaonapo wakabaza atamanga matumba kumbuyo kwenikweni kwa njinga, gudumu lakutsogolo n'kunyamuka. Ndege nayo ndi chimodzimodzi. Katundu akalemera kwambiri kumchira kapena kumutu, ndege siingauluke bwino. Choncho pali munthu amene ntchito yake ndi kuwerengera kuti pallet iyi ikhale apa, iyo ikhale apo, ndipo woyendetsa ndege sanyamuka asanaone pepala la masamu amenewo. Katunduyo amamukhomanso ndi zogwirira kuti asasunthe ndege ili m'mwamba.

Pali katundu winanso amene amamutcha woopsa, ndipo anamugawa m'magulu 9: zophulika, mipweya ya m'mabotolo, zamadzi zoyaka msanga monga petulo ndi penti, ziphe, ndi zina. Ngakhale mabatire a foni ndi a kompyuta ali m'gulu la zoopsa chifukwa akaphwanyika kapena kutentha kwambiri amatha kuyaka. Katundu wotere ali ndi malamulo ake a kalongedwe ndi zizindikiro zake, ndipo kunama pa kalata kuti m'katoni muli zovala pomwe muli mabatire ndi mlandu. Moto pa ndege si nthano. Pa 22 Julayi 2020, Boeing 777F ya Ethiopian inagwira moto itaima pa bwalo la Pudong ku Shanghai. Mwamwayi palibe anafa, koma ndegeyo inaonongeka kwambiri.

Palinso vuto lina la pa Bole penipeni, ndipo ili ndi la Fizikisi. Bwaloli lili pamtunda wa mamita opitirira 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita pafupifupi 2,200. Ndiye kuti ndege za ku Addis Ababa zimanyamukira pamwamba kuposa nsonga ya phiri lathuli. Kumtunda choncho mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Mapiko ndi injini zimafuna mpweya wokwanira kuti zinyamule ndege yolemera. Choncho owerengera aja amayang'ananso kutentha kwa tsikulo asananene kuti ndege inyamule matani angati. Usiku kukazizira imanyamula bwinoko kusiyana ndi masana dzuwa lili pamutu.

8. Chaka chimene mipando inazulidwa

Mukukumbukira 2020, tili ku pulayimale, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19? Mayiko anatseka malire, anthu anasiya kuyenda, ndege za apaulendo zinangoima m'mabwalo. Pamenepo panabuka mavuto awiri. Kampani za ndege zinasowa ndalama. Komanso malo aja a pansi pa mipando anasowa, pa nthawi yomwe dziko lonse linkafuna mamasiki ndi zipangizo za chipatala mwachangu.

Ethiopian, motsogozedwa ndi mkulu wake wa nthawi imeneyo Tewolde GebreMariam, inachita zinthu mofulumira. Amisiri ake anazula mipando m'ndege za apaulendo zopitirira 20 n'kuzisandutsa zonyamula makatoni. Mu Malichi 2020, munthu wachuma wa ku China, Jack Ma, anapereka thandizo ku mayiko a mu Africa: dziko lililonse zipangizo zoyezera matendawa 20,000, mamasiki 100,000 ndi zovala zodzitetezera 1,000. Katunduyo anatsikira ku Addis Ababa, ndipo ndege za Ethiopian ndi zimene zinamugawa m'mayiko. Kampani zina zinagwa nthawi imeneyo, monga Air Namibia yomwe inatsekedwa mu 2021. Ethiopian inapulumuka, ndipo chinaipulumutsa kwambiri ndi katundu. Sizinangochitika mwamwayi. Nyumba zozizira, ndege za katundu ndi antchito odziwa ntchitoyo anali nazo kale mliri usanabwere.

Katemera nayenso ndi katundu wa pa ndege. Woyamba wa Covid-19 anafika kuno pa bwalo la Kamuzu pa 5 Malichi 2021, wokwana 360,000. Kaya wanyamulidwa ndi ndege ya kampani iti, lamulo lake ndi limodzi: katemera wambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Kabokosi kaja amabwera nako alangizi a zaumoyo pa njinga tsiku la sikelo ya ana ndi mapeto a mzere wozizira umene unayambira ku fakitale kutsidya la nyanja. Nthawi ina mukadzakaona kabokosiko mudzakapatse ulemu.

9. Nanga ife zikutikhudza pati?

Kampani yathu yakale, Air Malawi, inasiya kuuluka mu 2013. Boma linakhazikitsa ina, yomwe lero ndi Malawi Airlines, ndipo inayamba kuuluka mu Januwale 2014. Mu kampani imeneyi boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100, ndipo magawo 49 ndi a Ethiopian Airlines. Ndege za Ethiopian zenizenizo zimateranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Choncho kachipangizo ka foni kochokera ku Guangzhou kakhoza kugona pa Bole, mawa lake n'kutsikira pa Kamuzu kapena pa Chileka.

Sindikunena kuti zonse ndi zokoma. Ndege imamwa mafuta ambiri, ndipo pa tani iliyonse imatulutsa utsi woononga nyengo wochuluka kwambiri kuposa sitima ya pamadzi. Minda ya maluwa nayo anthu amaidandaula pa nkhani ya madzi ambiri omwe imagwiritsa ntchito, mankhwala opopera, ndi malipiro ochepa a antchito. Ndiponso ndege imafuna katundu popita ndi pobwera. Ikabwera yodzaza n'kubwerera yopanda kanthu, mtengo umakwera. Dziko limene lilibe choti likweze, ndege za katundu sizilikonda.

China chimene ndaphunzira n'chakuti pa bwalo la ndege si onse amene ali oyendetsa ndege. Pali oyeza katundu, owerengera kapakiridwe, okonza mafiriji, amakaniko, a zamsonkho, ndi a zaulimi oona ngati mbewu zilibe tizilombo. Onsewa anayambira pa Masamu, Fizikisi, Agirikacha ndi Jogalafe zomwe tikuzithawazi.

10. Yankho la funso lija

Ndiye bwanji fodya sakwera ndege? Zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, fodya sathamangira. Akauma n'kudindidwa bwino amakhala miyezi osaonongeka. Kulipirira liwiro pa katundu wosafulumira n'kutaya ndalama.

Chachiwiri, ndi wochuluka kwambiri. M'chaka chabwino dziko lino limagulitsa fodya wopitirira makilogalamu 100 miliyoni. Amenewo ndi matani 100,000. Gawani ndi matani 100 a Boeing 777F, mupeza maulendo 1,000.

Chachitatu, mtengo wa kilogalamu ya fodya ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo woikwezera ndege. Phindu lonse likhoza kuthera pa ulendo.

N'chifukwa chake ngakhale Ethiopia, mwini ndege zonsezo, khofi wake wambiri amamutumiza ku Djibouti. Khofi ndi fodya akhoza kudikira. Duwa, katemera ndi mwanapiye sizingadikire. Ndipo chimene sichingadikire chimafuna mzere wosaduka kuyambira kumunda. Ndege imabwera pambuyo. Kwathu kuno mzerewo ukanayambira pa mlatho wabwino ndi kachipinda kozizira pa msika.

Mafunso oyeserera

(a) Tchulani doko limene Ethiopia imadalira kwambiri, ndi madoko awiri amene Malawi imadalira.
(b) Fotokozani njira ziwiri zonyamulira katundu pa ndege.
(c) Katoni ndi ya masentimita 80 mulitali, 60 mulifupi ndi 50 msinkhu, ndipo pa sikelo ikulemera makilogalamu 25. Mwini wake alipira za makilogalamu angati?
(d) N'chifukwa chiyani ndege imanyamula katundu wochepa masana otentha pa bwalo la Bole?
(e) Pa zinthu izi, ziti zoyenera ndege ndipo ziti zoyenera sitima ya pamadzi: feteleza, katemera, simenti, mafoni, shuga, nsomba zaziwisi? Perekani chifukwa pa chilichonse.

Mayankho ndidzamata pompano Lachisanu. Amene munagogoda madesiki aja, yambani ndi funso (c), tione ngati muziseka.

Ndine mnzanu wa Fomu 2